TV Yodumphitsa Bambo

Pa siteji ya minibasi ku Old Town, Mayi Alinesi anasendera kuti bambo wina wovala tayi, amene ankatsimphina, akhale pansi.

"Pepanitu bambo. Mwendowo, ndi kabaza?"

"Ayi mayi, ndi TV."

"Inakugwerani?"

"Bola ikanandigwera. Ndinagulira ana TV yamakono yophunzitsa masamu. Ili ndi kamera, imakuona. Ikafunsa ziwiri kuphatikiza zitatu, mwana amayankha podumpha kasanu."

"Nanga inu zinakukhudzani bwanji?"

"Mwana wanga Fiona ankangolakwa. Ndinati, 'Tachoka apo, uone mmene tinkakhozera ife kale.' Basi chinthucho n'kundifunsa seveni taimusi eyiti."

"Mayo ine! Fifite sikisi yonseyo?"

"Ine ndinkayesa sikisite foro. Ndinadumpha mpaka bondo linalira. TV n'kunena mokweza, banja lonse likumva, 'Walakwa, kamwana. Kaitane munthu wamkulu akuthandize.'"

"Ndiye munaizimitsa?"

"Ndikanafika bwanji, ndili pansi? Fiona anathamanga kukaitana apongozi anga kukhitchini."

"Apongozi! Anadumpha?"

"Anamanga chitenje, mayi, n'kukhoza. Panopa afika Sitandade 7. Ine TV ikuti ndibwereze kalasi."