Mkono wa mwana wanga sukwera m'mwamba

Okondedwa omvera, ine ndine mayi wa ku Chibavi kuno ku Mzuzu, koma kwathu ndi ku Balaka. Mwana wanga wamkazi anabadwa movutikira. Anali wamkulu thupi, ndipo phewa linakanirira potuluka. Titafika kunyumba ndinaona kuti mkono wake wamanja ukungolendewera. Kuchipatala anandiuza kuti mitsempha yochokera m'khosi kupita kumkono inakokeka pobadwa, choncho tinayamba mafizo olimbitsa mkonowo.

Pang'onopang'ono zala zinayamba kugwira, chigongono n'kumapindika, koma phewa linauma. Pano ali ndi zaka zinayi, ndipo mkonowo sukwera kupitirira pachifuwa.

Lamlungu lina kutchalitchi ana ankaimba nyimbo yokweza manja m'mwamba. Wangayo anayang'ana anzake, kenako anagwira mkono wofookawo ndi dzanja lamanzere n'kuukweza yekha. Pobwerera anandifunsa kuti, "Amama, mkono uwu udzakula liti kuti uzifika kumwamba?"

Ndinati, "Tingolimbikira mafizo, mwanangu."

Anangovomera m'Chitumbuka kuti, "Yewo," n'kuthamangira anzake. Ine ndinatsalira m'mbuyo kuti asaone misozi yanga.

Amayi anzanga, mukaona mkono wa khanda sukugwedezeka, musadikire kuti uchira wokha, pitani naye kuchipatala msanga. Ine madokotala sanandilonjeze chilichonse, komabe m'mawa uliwonse ndimamuwongola phewalo. Sindipempha zambiri ayi. Ndimangolakalaka tsiku lina, ndikuchokera kumsika, adzandithamangire n'kundikupatira m'khosi ndi manja onse awiri.