Dzina Limene Anandiuza Kuti Ndifufute

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Kawale. Tsiku limene ndikufuna kukusimbirani kunali kotentha kwambiri, dzuwa la Okutobala lija, nyenje zikulira m'mitengo ya kuseri kwa ofesi, kumsewu anyamata a minibasi akuitanira anthu a ku Biwi. Ndilo tsiku limene anandiuza kuti ndifufute dzina la malemu mkazi wanga ndi manja angawa.

Zaka zimenezo, matipate atangoyamba kumene, ndinkagwira ntchito yotayipa pa kabungwe kena ka zaumoyo. Madokotala awiri a pamenepo ankalemba nkhani ya matenda otsegula m'mimba mwa ana, yoti itumizidwe ku magazini ya madokotala ya kunja. Ine gawo langa linali marefarensi. Kumapeto kwa nkhani yotere kumalembedwa onse amene watapako nzeru zawo: dzina la bambo poyamba, kenako chilembo choyamba cha dzina la mwini wake, mutu wa zimene analemba, chaka ndi tsamba. Aliyense amapatsidwa nambala, ndipo nambalayo imaikidwanso m'kati mwa nkhani pamene pali mawu ake.

Mkazi wanga Esnati anali namwino. Asanadwale ankayenda ku Mgona khomo ndi khomo, kukhala pansi ndi amayi, kuona mmene amasungunulira madzi a mchere ndi shuga mwana akatsegula m'mimba. Ankabwera madzulo mapazi ali mbuu, koma osadandaula. Zimene anaona kumeneko anafotokozera madokotalawo, ndipo ndime yathunthu ya nkhani yawo inachokera pakamwa pake. Poyamba anamulembadi: Mbewe E., zimene ananena pakamwa. Nditatayipa mzere umenewo ndinakondwa mumtima, popeza pamanda pake ndinali ndisanaikepo ngakhale mwala.

Koma a magazini aja anabweza nkhaniyo. Anati mawu a pakamwa salowa m'marefarensi, ndipo kuti atchulidwe m'kati mwa nkhani pamafunika mwini mawuyo asayine kuti wavomera. Adokotala aakulu anandiitana.

"Bambo Mbewe, chotsani mzere uwu, manambala enawo muwakonzenso. Ndimeyo isiyeni momwe ilili."

Ndinafunsa mwaulemu ngati panalibe njira ina yomutchulira. Anzawo aja, adokotala achinyamata, anaseka, nati, "Nanga tikawasayinitsa kuti, madala? Kumanda kulibe positi ofesi."

Ndinali ndi ana awiri pasukulu, ndipo ntchito zinali zosowa. Ndinangopempha kuti andidikire mpaka Lachisanu, chifukwa ndinakumbukira kuti nthawi ina Esnati anapita kumsonkhano wa anamwino, nabwera ndi kabuku kamene munasindikizidwa zimene anayankhula. Chosindikizidwa chimaloledwa popanda kusayina. Adokotala aakulu anati chabwino, koma Lachisanu nkhaniyo ipita, kabuku kapezeke kaya kasapezeke.

Kunyumba ndinatsitsa katoni ya mabuku ake, ndinapeza chiswe chinadya zonse, kwatsala dothi lokha. Ndinapita kulaibulale ya sukulu ina ya anamwino. Mayi woyang'anira mabuku anatsegula kabati ya makadi nafufuza pa M, Mbewe panalibe. Ndinamuuza kuti mkazi wanga anali wa ku Rumphi, mwana wa a Gondwe. Anafufuza pa G, panalibenso. Mutu wa kabukuko sindinkaukumbukira, chaka chakenso ndinkachikayika. Mayiyo anandimvera chisoni, koma anati popanda dzina kapena mutu sangachite kanthu.

Ndinabwerera ku Kawale wapansi. Njira yonse ndinkaganiza kuti munthu anayenda m'fumbi la ku Mgona mpaka nsapato kutha, mawu ake adzawerengedwa kutali, koma iye mwini sadzadziwika, ndipo wofufuta dzina lake ndi mwamuna wake yemwe. Kukana sindikanatha, kuvomera kunkandiwawa. Pemphero langa linafupika masiku amenewo. Ndinkangogwada n'kunena kuti, "Ambuye, Inu mumamudziwa dzina lake." Mawu ena sankatuluka.

Lachinayi masana, amayi a mumpingo akuweruka kumapemphero awo, anadutsira pakhomo panga Amayi Chirwa, namwino wopuma ntchito, mnzake wa Esnati wa kwawo komweko. Anandipeza nditakhala pakhonde ndi katoni yachiswe ija.

"Alamu, mwaonda. Ana akudya koma?"

Ndinawafotokozera zonse. Anayamba kuseka chapansipansi mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Inu anthu a kuno. Kumsonkhanoko ndinaliko ine. Amene ankaitana oyankhula anali mayi wa kwathu, ndiye anangoti, tsopano timve kwa NyaGondwe. Wolemba anali mzungu, iye n'kuyesa kuti ndilo dzina la bambo. Tinamuseka Esnati chaka chonse. Kafufuzeni pa N."

Kwa amene simudziwa, kumpoto mkazi amaitanidwa mwaulemu ndi dzina la bambo ake, kutsogolo kwake n'kuikako Nya. Inenso m'nyumba ndinkamuitana choncho, makamaka ndikafuna kumupepesa. Koma sindinaganizepo kuti dzina la m'nyumba lingakhale m'kabati ya laibulale.

Lachisanu m'mawa ndinalawirira. Mayi uja anakoka kabati ya N, ndipo khadi linali pomwepo: Nyagondwe E. Anandibweretsera kabuku kopyapyala, kachikuto chofiirira, ndipo nditatsegula ndinamva ngati Esnati akuyankhula ali pambali panga. Ndinakopera mutu, chaka ndi masamba.

Adokotala aakulu anayang'ana kapepalako nati, "Chabwino, ikanipo. Koma dzinali si Mbewe?" Ndinati m'kabukumo linasindikizidwa choncho, ndipo iwo anavomera kuti lamulo ndi kulemba monga linasindikizidwira. Motero sindinafufute mzere uja, ndinangousintha. Manambala onse anakhala m'malo mwake. Dzina limene linapita kutsidya kwa nyanja si la ine ayi, koma limene bambo ake ankamuitana nalo, limenenso ine ndinamuitana nalo komaliza kuchipatala.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mawu ochepa lija, natumiza yankho kudzera mwa mayi wongodutsa pakhomo. Inu amene mwafufuza pa M ndi pa G osapeza kanthu, musaleke kugwada. Mwina chimene mukufuna chilipo ndithu, chinangosungidwa pa chilembo chimene simunachiganizire.

Madokotala aja sanapepese, ndipo ndikhulupirira kuti wachinyamata uja anaiwala tsiku lomwelo zimene ananena za kumanda. Ndinagwira nawo ntchito zaka zina ndithu, ndikuwatayipira nkhani zawo monga kale. Mawu aja anandipweteka nthawi yaitali, sindibisa. Koma ndinawakhululukira.