A Telala Anaima Pamzere Wina

Anamfedwa ndi nonse mwabwera kudzalira nafe, malemu amene tawazungulirawa anabadwa pa 9 Malichi 1956, oyamba mwa ana awiri, onse aamuna. Sukulu anailekeza Sitandade 7 bambo awo atamwalira, nakaphunzira kusoka pakhonde la sitolo kuti mng'ono wawo apitirize maphunziro. Kuyambira pamenepo dzina lawo linangokhala a Telala.

Mu 1981 anamanga banja ndi mayi akhala apawa. Luso anali nalo, koma tisaname pamaliro: akakuuzani kuti mubwere Lachisanu, munkayenera kufunsa kuti Lachisanu lake liti.

Mu 1996 analowa chipani limodzi ndi mng'ono wawo, ndipo malaya onse a chipanicho ankatuluka pamakina awo.

Mu Juni 2008 kunachitika chisankho cha chipulula, chofuna munthu wodzaimira chipani pampando wa pulezidenti. Kuvota kwake kunali kuima pamzere kumbuyo kwa chithunzi cha amene ukumufuna, dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona. Mng'ono wawo ndiye ankatsogolera otsatira a Mdala, amene anayambitsa chipani. A Telala ankawakonda a Mdalawo, koma pakhonde paja pankabwera anthu a zipani zonse kudzayezetsa zovala, ndipo anadzimvera okha kuti dziko latopa nawo a Mdalawo. Tsikulo anayenda mwakachetechete, nakaima pamzere wa wachinyamata amene ankaoneka kuti angapambane. Amayi onse amene ankasoketsa kwa iwo anawalondola. Mzere wa mng'ono wawo unatsala waufupi mochititsa manyazi.

Chipani chinang'ambika pakati, pachisankho chachikulu chinagwa chagada, ndipo mng'ono wawo sanapondenso pakhomo pawo. Izi zinawadya mumtima a Telala. Zaka zonsezi akhala akupalasa njinga kumisonkhano ya mbali zonse ziwiri, kuchonderera kuti anthu agwirizane. Uku ankawanena kuti anagulitsa chipani, uko ankati ndi kazitape. Iwo osatopa, chifukwa chimene ankachifuna kwenikweni chinali kumva m'bale wawo akuwaitananso kuti achimwene.

Mu Januwale chaka chino anayamba kudwala impso, ndipo mu Malichi anagonekedwa m'chipatala. Pa 3 Epulo mng'ono wawo anatulukira. Anakhala m'mbali mwa bedi tsiku lonse, kuwamwetsa madzi ndi kuwatembenuza, koma mawu anakana kutuluka. A Telala anatisiya pa 4 Epulo m'mawa.

Asiya mkazi, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri ndi mng'ono wawo. Tikuthokoza anamwino, anansi, ndi inu a mbali zonse ziwiri za chipani amene lero mwakhalira benchi imodzi. Mng'ono wawo, amene awerama apowo, atipempha kuti tinene pamaso panu zimene zinawakanika kuchipatala: achimwene awo sanalakwe, ndipo tsiku lililonse la zaka zonsezi iwo ankawasowa achimwene awowo.

A Telala, mwamva. Mzimu wanu uuse mumtendere.