Choko cha Telala Pakhomo la Chipatala

Pamzere wolandira mankhwala kuchipatala, mayi wina, telala, anaona bambo ake okalamba atauma pakhomo, mapazi ngati amatidwa pansi. Anatulutsa choko chake cholembera nsalu n'kujambula kamzere patsogolo pawo. Mkuluyo anakalumpha, n'kuyamba kuyenda. Bambo wina amene anaima kumbuyo kwa telalayo, dzanja lili m'thumba, analephera kupirira.

"Pepani mayi, kodi zimenezi ndi zakwasing'anga?"

"Ayi bambo, ndi choko wamba. Anatiphunzitsa ndi adokotala."

"Nanga miyendo yawo yatani?"

"Miyendo ili bwinobwino, vuto lili mu ubongo. Akuti muli timadzi tina totchedwa dopamini, timene timathandiza uthenga kufika kumiyendo. Kwa bambo angawa tikuphwa, ndiye akafika pakhomo amangoti njii."

"Ndiye chokocho chimabwezera timadzito?"

"Chikanatero bwenzi nditawadyetsa bokosi lonse! Mankhwalawa ndi amene amawonjezerako. Choko chimangowaonetsa polumpha, uthenga n'kudzera njira ina. Kwathu pansi ponse ndi mizere yokhayokha, alendo amayesa ndikudula diresi la njovu."

"Koma ziliko. Nanga zinayamba bwanji?"

"Chala chachikulu. Akakhala phee chinkanjenjemera, n'kumakhulana ndi chinzake ngati akupota ulusi. Akagwira kapu, kunjenjemerako n'kusiya."

Bamboyo anatulutsa dzanja m'thumba pang'onopang'ono.

"Ngati chonchi?"

"Kodi mwadzera chiyani kuno, bambo?"

"Mankhwala a chifuwa."

"Chifuwacho chidikire. Khomo la adokotala ndi lachiwiri ilo. Pitani, ndikusungirani malo."