Suti Imene Inkadikira Maliro

Abusa ndi mayi busa, akulu a mpingo, amayi, abambo, achinyamata anzanga, landirani moni m'dzina la Ambuye wathu. Aleluya! Kumbuyoko sindinakumveni. Aleluya!

Ndikufuna kuchitira umboni. Kwa alendo, ine ndine Limbani, mwana wa konkuno ku Mitundu. Ndikuona ena mukundiyang'ana kuyambira kukhosi mpaka kunsapato, mumtima mukuti, mnyamata ankabwera kutchalitchi ndi malaya a mpira uja lero zatani? Yang'anani ndithu, musachite manyazi. Nkhani yanga ndi ya zovala zomwezi.

Chaka chatha Mulungu anandipatsa ntchito ku Nathenje, mu ofesi ya bungwe lina logula mbewu kwa alimi. Ntchito yanga ndi yolandira anthu akamalowa. Anandilemba mongoyesa kaye. Tsiku loyamba ndinapita nditavala jinzi yong'ambika m'mawondo, ija achinyamatafe timati ndiye fasho. Amayi oyang'anira ofesiyo anandiitanira pambali, mwaulemu ndithu, n'kunena kuti, "Achimwene, mutu muli nawo. Koma mlimi akalowa muno azione kuti wapeza munthu woti angamusiyire soya wake. Mukapitiriza kuvala chonchi, sitikhalitsana."

Abale, ntchito imeneyi ndinaisaka mpaka nsapato kutha zidendene. Ndiye indipulumuke chifukwa cha thalauza? Mtima unandipweteka.

Tsiku la msika ndinalawirira pa kaunjika, nthawi imene amatsegula belo. Amayi inu mukuidziwa nkhondo ya pamenepo, zigongono zimalankhula kuposa pakamwa. Ndinalimbana nawo mpaka ndinatulukamo ndi malaya oyera, ofewa, onyezimira, a kolala yozungulira bwino. Ndinati Yehova wayankha. Ndinawasita ndi simbi ya makala, Lolemba n'kuwavala, kulowa mu ofesi ndikuyenda ngati nduna.

Ndinangoona atsikana a mu ofesi akubisa nkhope m'mapepala. Kenaka kunalowa mayi wina wachikulire ndi thumba la mtedza. Anandiyang'ana, anagwira nsalu ya pamkono panga, nati, "Mwananga, bulauzi yokongolayi wagula kuti? Ndikufuna yotere ya mpongozi wanga."

Sekani, sekani, lero nanenso ndikuseka. Ine ndimadziwa bwanji kuti mabatani akakhala kumanzere ndiye kuti chovalacho n'cha amayi? Koma tsiku limenelo sindinaseke, abale. Abwana aja sanakalipe. Anangoti, "Sabata yamawa kukubwera akuluakulu ochokera ku Lilongwe. Ndiwo adzanene amene atsale." Ndinadziwa kuti zanga zada.

Ndinabwera kunyumba, ndinakhala pakhomo la khitchini n'kuwafotokozera mayi zonse. Ndinkayesa tili awiri. Osadziwa kuti kuseri, pachigafa, a Gama akumva.

A Gama mukuwadziwa, ndi awo akhala pafupi ndi zenera, amene ayamba kuyang'ana pansiwo. Kwa alendo ndinene kuti si amene anandibereka. Bambo ondibereka anamwalira ndili wamng'ono, a Gama anandipeza pamene anakwatira mayi. Ndi munthu wosachuluka mawu, mukhoza kulima nawo mzere umodzi dzuwa lonse osamva kanthu koma khasu. Anali ndi suti imodzi yokha, yotuwa, imene anagula chaka china fodya atayenda bwino. Ankaivala pa Mgonero pokha, ikatero ibwerere m'pulasitiki pa msomali. Ndipo tonse m'nyumba tinkadziwa, chifukwa anawauza mayi kangapo, kuti tsiku lawo likadzafika, tidzawaveke imeneyo.

M'mawa mwake anangoti, "Limbani, tenga njinga undiperekeze." Ananyamula jumbo. Ine ndinkati tikupita kukagula feteleza. Tinakaima pakhonde la telala uja wa pafupi ndi chigayo. Anatsegula jumbo, kutulutsa suti ija, n'kumuuza telala kuti, "Muyeze mnyamatayu."

Ndinati, "Iyayi a Gama, imeneyi ayi. Imeneyi ndi ya tsiku lija."

Anandiyang'ana, nati, "Kumanda kuli bwana woyang'ana kolala? Imirira bwino, ukumuchedwetsa munthu."

Abale, muwaone a Gama mmene alili m'mapewamo, ndiye muone ine, bango lenileni. Sikunali kungopinda ayi, kunali kudula. Ikadulidwa, sidzawakwananso mpaka kalekale. Telala anafunsa kawiri, "Mdala, mwatsimikiza?" Iwo anangogwedeza mutu. Pamene sizasi inalowa m'nsalu muja, ine ndinatembenuka, misozi inali itayamba kale. Iwo ankayang'ana kumsewu ngati akuwerenga njinga zodutsa.

Mayi atamva anakhala pansi. Anati, "Abambo, nanga tidzakuvekani chiyani?" A Gama anati, "Lazaro anatuluka m'manda ndi nsalu chabe, ndipo palibe anamubweza kuti akavale jekete." Mayi anafuna kukwiya, koma chinawapambana ndi chiseko.

A Gama sanalekere pomwepo. Anabwerera nane pa kaunjika, n'kuima kumbuyo kwanga ngati mlonda. Ndikagwira chonyezimira, amvekere, "Siya." Ndikagwira cholembalemba pachifuwa, "Siya." Tinatenga malaya awiri opanda maluwa, oyera ndi abuluu, ndipo mabatani tinawayang'ana tonse awiri, mwinanso katatu. Nsapato tinapeza zakuda, zakutha pang'ono, koma anati nsapato imakhululukidwa ukalamba, siikhululukidwa fumbi. Choncho polishi ndi burashi zinalowa m'jumbo.

Tsono tayi. Anandipatsa yawo, yomanga kale. Ndinati mundiphunzitse kumanga. Anakanda m'mutu, nati, "Iwe, mfundo imeneyi usadzaimasule. Anandimangira ndi mwini sitolo tsiku logula, ndipo munthuyo anamwalira." Zaka zonsezi, mpingo wa Mulungu, a Gama amangoikweza ndi kuitsitsa! Ndi iyi ndavalayi, mfundo yake ndi yomweyo.

Tsiku la alendo lija ndinanyamula zovala m'jumbo chifukwa cha fumbi la mumsewu, n'kukavalira kuseri kwa ofesi. Nditalowa, atsikana aja sanabisenso nkhope m'mapepala. Abwana anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Mwadzuka bwanji, a Limbani?" Kale ndinali achimwene chabe. Alendo anabwera, ndinawalandira, ndinayankha zimene anafunsa osagwira m'thumba, osabisa mawondo kuseri kwa tebulo. Mantha anali atachoka, chifukwa ndinkamva ngati munthu wandigwira paphewa. Sabata isanathe anandiuza kuti ntchito ndi yanga. Aleluya!

Kuyambira pamenepo ndimawonjezera kamodzikamodzi, mwezi uno lamba, mwezi winawo thalauza lachiwiri, sokosi zosabooka. Achinyamata anzanga, simufunika sutikesi yodzaza. Zochepa zomwezo zikhale zochapa, zosita, zokukwanani.

Koma chimene chandiimiritsa pano ndi ichi. Miyezi yonseyi a Gama akhala akubwera ku Mgonero ndi juzi yakale, ndipo anasiya kukhala kutsogolo. Manong'onong'o ndinawamva. Ena amati fodya wawagwetsa mpaka agulitsa suti. A Gama anandiletsa kuyankha, anati munthu akachita kanthu saimba ng'oma. Ndamvera nthawi yonseyi, koma lero mundikhululukire, ndalephera. Sanagulitse, abale. Suti ija ndi ino ili m'thupi mwangayi. Ndinapempha Mulungu zovala, Iye anandionetsa kuti m'nyumba mwathu muli bambo.

Mwezi watha ndinawauza kuti ndikufuna ndiwasokere ina. Mukudziwa anayankha chiyani? Anati, "Usathamange, sindikufulumira kupita."

Bambo, imirirani anthu akuoneni. Onani, akukana. Mayi, agwireni dzanja aimirire. Eya, choncho. Bambo anga, zikomo. Munapereka chovala cha tsiku lanu lomaliza kuti ine ndisachotsedwe pa ntchito yanga yoyamba, ndipo ine ndilibe mawu okwana.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandipatsa munthu ameneyu. Amayi, nthungululu zija mukusungira ukwati wanga, tulutsaniko lero. Mpingo wonse, imani pamodzi ndi bambo angawa, tiwombe m'manja, mukondwere nane. Ameni!