Mfumu Yakuda Yasowa, Mutu Uli Theka

Mlonda wina, atakhala pa ulova miyezi isanu, anaitanidwa ku intaviyu ya ntchito ya pageti nthawi ya leveni koloko, ndiye anayamba wadzera kwa mlamu wake wometa kuti akaoneke ngati munthu. Mashini atangodya theka la mutu, maso a wometa anagwera pa funso la tchesi la m'nyuzipepala imene inali pansi pa galasi, basi mashini aja zii.

"Alamu, magetsi athima?" anafunsa mlonda.

"Ayi. Akuti zoyera zigwire mfumu yakuda poyenda kawiri. Zaka naini sindinalepherepo funso la wolemba mafunso ameneyu."

"Ine kwanditsalira theka la ola."

"Kuyenda kawiri kokha, alamu. Khalani phee."

Mlonda anadziyang'ana pagalasi: kumanja mpala, kumanzere tchire. Mantha anamugwira, poti ntchito imeneyi ikamuphonya analibenso pena pogogoda. Anasuzumira pepala lija kuti athandize zinthu zifulumire.

"Mfumu yakudayo ndi iti?"

Wometa anayendetsa chipeso pa timabokosi tonse, kupita ndi kubwerera. "Palibe."

"Ndiye mwapambana. Metani."

"Simukumva inu. Kuibisako ndiye nzeru yake ya funsoli."

"Nanga tiwiri tovala zisoti za mtanda iti?"

"Mafumu oyera."

"Onse awiri? Mwina winayo ndi wakuda uja, wangosamba."

"Mfumu ya tchesi sisamba, alamu."

"Ndiye yathawa." Apa mlonda anawongola msana, nsalu yometera ili pakhosi. "Bolodi limeneli lili ndi geti?"

"Lilibe."

"Mpanda?"

"Ndi kamzere ka inki chabe."

"Kamzere ka inki, mfumu n'kumagona momwemo. Aa, anthu ena kusasamala. Nanga hatchi iyi inali kuti pamene zimachitika?"

"Hatchi silondera. Ntchito yake ndi kudumpha."

"Kudumpha? Basitu, yaiwolotsa ndi imeneyi."

Wometa anatola kachitsekero ka botolo la sipiliti n'kukaika pakona ya bolodi. "Tiyerekeze kuti mfumu ndi iyi."

"Mlendo ameneyu walowa bwanji? Wasaina pati?"

Wometa, atatopa, anatembenuza pepala lija kuti mwina inki inalowera kuseri. Kuseriko kunali malonda a matiresi.

"Mwaona? Yakagona," anatero mlonda.

Koma wometa sanamve. Anali ataona timalemba tating'ono m'munsi mwa funso, ndipo anatiwerenga mokweza: "Tikupepesa kuti funso la sabata yatha linalibe yankho. Posindikiza tinaiwala kuika nsanja imodzi pa bolodi."

"Si lija munalipeza poyenda kawiri, n'kulimata pakhomapa?" anafunsa mlonda.

Wometa anayang'ana khoma lodzaza ndi mafunso odula bwinobwino, a zaka naini zonse. Nkhope inagwa, mpaka mlonda anamumvera chisoni. Kenako wometa anapinda nyuzipepala ija, n'kuyatsa mashini.

"Weramani, alamu. Kwatsala mphindi khumi, mukathamanga mukafika. Mfumuyo kulibe, analakwitsa basi."

Mlonda anamugwira dzanja, mashini akulira m'mwamba.

"Zimitsani. Akakandifunsa ngati chinthu chinasowapo ine ndili pomwepo, ndikayankha chiyani?" Anadzuka, mutu uli thekabe, n'kukhoma chitseko, kiyi n'kuika m'thumba. "Muno satuluka munthu mpaka mfumu ipezeke. Kwezani manja, alamu, ndiyamba ndi matumba anuwa."