Kapepala kamene ndinaponya m'bokosi la zolengeza

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Ndine Tadala wa ku Maryhill, yemwe uja anathira mchere mu tiyi wa akwaya. Lero ndabwera ndi nkhani ya achimwene anga a Mphatso, omwe tinatsala pang'ono kuwataya ali moyo.

Achimwene anamaliza digiri ya zamahotelo kuno ku Glasgow, nkupeza ntchito pa hotelo ina m'tauni. Madzulo ankapita kukayeserera masewero a zisudzo, Loweruka ali ku chigwirizano cha abambo kutchalitchi. Kenako hoteloyo inagulitsidwa, iwo nkuchotsedwa. Anafunsira ntchito miyezi ndi miyezi, osayitanidwa. Anasiya zisudzo, anasiya chigwirizano, mpaka anasiya kumeta. Makatani akuchipinda kwawo sankatsegulidwa. Amayi akamapita kuntchito yosamalira okalamba ankasiya chakudya pakhomo pawo, pobwera nkuchipeza chili chomwecho. Akafunsidwa kutchalitchi, amayi ankangoti, "A Mphatso ali pa shifiti kuntchito." Tsiku lina ndinawapeza amayi akulira kwinaku akusita malaya oyera a achimwene omwe panalibe kowavalira. Ndinabisa foni ya achimwene mufiriji kuti mwina andikalipire, koma sanaifunefune nkomwe. Apo mpamene ndinachita mantha, ndipo ndinapemphera mosaseka koyamba m'moyo mwanga.

Mukudziwa kuti kwathu kuno dzina likawerengedwa pa zolengeza, munthu sungathawe. Ndiye ndinalemba kapepala motsanzira kalembedwe kawo: "Ine Mphatso ndadzipereka kutsogolera sewero ndi chakudya pa tsiku la abambo." Ndinakaponya m'bokosi. Mlembi anawerenga, mpingo unawomba m'manja, amayi anangoti kukamwa yasa.

Lachiwiri abambo anayi achigwirizano anafika kunyumba kudzakambirana za sewerolo. Achimwene anatuluka ndi ndevu zawo, maso ali psuu. A Kamanga, wapampando wawo, anawayang'ana nthawi yaitali nkunena kuti, "Mwana wanga, iwe sunali pa shifiti." Achimwene anakhala pansi nkulira ngati mwana. Abambo aja sanafunse zambiri. Anapemphera nawo, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankasinthana kudzawatenga kupita nawo koyeserera.

Tsiku la abambo litafika, sewero linayenda, koma chimene anthu anatuluka akukamba ndi chakudya. Kwa nthawi yoyamba palibe anakanganirana nkhuku pamzere, okalamba anayamba kulandira, mpunga unakwanira. Mlendo wina amene a Kamanga anamuitana, mayi woyendetsa malo odyera ku Shawlands, anafunsa kuti wakonza zimenezi ndani. Pano achimwene akugwira ntchito kumeneko, ndipo abwerera ku zisudzo.

Sindinama kuti zonse zatha. Ntchitoyo ndi yaing'ono poyerekeza ndi yakale, ndipo masiku ena makatani aja amatsekedwabe. Koma mbale imabwera yopanda kanthu.

Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokozanso abambo achigwirizano. Inu amene muli ndi wanu wodzitsekera m'chipinda, musatope, ndipo musamubise ngati mmene tinachitira ife. Achimwene atazindikira kuti wolemba kapepala ndinali ine, anati, "Iwe Tadala, udzandipepese." Amayi nawonso akuti ndilape bodza. Ndalapa za mchere zija. Za kapepala ayi, ndipo cholembera ndikadali nacho.